MAPULASITIKI ALOWA M'MATUPI A NYAMA ZA M'NYANJA YAMCERE

M'caka ca 2023 akatswiri a zamoyo a ku America anagwira nyama 11 za m'nyanja yamcere zochedwa adolfini kuti apime umoyo wao. Pamwamba pa mphuno ya nyama iri yonse anaikapo kambale koyera, kapena cipangizo copimira mpweya, kuti alandire mpweya umene nyamayo inali kutulutsa, ndipo atatha nchito yao anazibwezera zonse m'madzi ziri zamoyo. Pamene anaunika zimene anatengazo ndi makina okuza tinthu tating'ono, anapezamo tizidutswa ta pulasitiki. Mwa nyama 11 zija panalibe ndi imodzi yomwe imene inapezeka ndi mpweya woyera.

Adolfini 5 anagwidwa ku Sarasota Bay, m'cigawo ca Florida, kumene kuli mizinda ndi anthu ambiri. Ena 6 anagwidwa ku Barataria Bay, m'cigawo ca Louisiana, kumene kuli madambo ndi midzi ya asodzi. Nyama za kumidzi zinapezeka ndi pulasitiki monga momwe zinapezekera zinzao za kumizinda. Amene anatsogolera nchitoyi ndi Mai Miranda Dziobak ndi Dr. Leslie Hart a pa sukulu ya College of Charleston, ndipo zimene anapeza anazilengeza m'mwezi wa October 2024.

Mlimi wa ku Katete kapena wa ku Lundazi, amene sanaonepo nyanja yamcere cibadwire, angafunse kuti nkhani ya nyama za kutali cotere imkhudza bwanji. Yankho lake liri m'khola la mbuzi, m'saka la fetereza limene liri kuseri kwa nkhokwe, ndi m'kamtsinje kamene kamapita kumunsi kwa mudzi.

DOLFINI SI NSOMBA

Munthu woona dolfini pa cithunzi angayese kuti ndi nsomba yaikulu, pakuti ali ndi zipsepse ndi mcira ndipo sacoka m'madzi. Koma dolfini ndi nyama ya magazi ofunda monga ng'ombe. Wamkazi amakhala ndi bere miyezi 12, nabala mwana mmodzi, namuyamwitsa kopitirira caka cathunthu. Mwanayo amayenda pambali pa amake zaka zitatu kapena kuposerapo asanayambe kudziimira payekha. Dolfini wa mtundu umene unapimidwa ku America amatalika mamita awiri kufikira anai, ndipo angathe kukhala ndi moyo zaka zoposa 40. Akatswiri amanena kuti mwa nyama zonse za kumtunda, mbale wake wapafupi wa dolfini ndi mvuu, yomweyi imene yadzaza mu mtsinje wa Luangwa.

Monga mvuuyo, dolfini sangathe kupuma pansi pa madzi. Amabvuuka kawirikawiri kudzapuma, ndipo mphuno yake ndi cibowo cimodzi cimene ciri pamwamba pa mutu. Kapumidwe kake nkamphamvu zedi. Munthu akapuma kamodzi amasintha kagawo kakang'ono cabe ka mpweya wa m'mapapu mwake, koma dolfini amasintha magawo 8 mwa magawo 10 m'kanthawi kosakwana sekondi imodzi. Ndiponso alibe ubweya wa m'mphuno wosefa fumbi monga ali nao munthu, cotero ciri conse couluka pamwamba pa madzi cimalowa molunjika m'mapapu. Mafunde akamasweka amacita thobvu, ndipo thobvulo likamaphulika limaponya m'mwamba tizidutswa ta pulasitiki timene tinali m'madzi. Tina timabwera ndi mphepo kucokera kumtunda. Pamalo pomwepo, pamene madzi akumana ndi mphepo, ndi pamene dolfini amapumira.

Pa cibale ca nyama zoyamwitsa za m'nyanja palinso anamgumi, pali nyama zonga akatumbu zimene zimatuluka kukaothera dzuwa pa miyala, ndiponso pali dugong, nyama yofatsa imene imadya msipu womera pansi pa madzi. Wamkulu mwa onsewa ndi namgumi wochedwa blue whale, amene amafika mamita 30 m'litali ndi matani 150 polemera, ndiye kuti njobvu 25 zitaikidwa pamodzi.

PULASITIKI SIOLA, IMANGONYENYEKA

Mlimi ali yense adziwa cimene cimacitikira saka la fetereza likasiyidwa padzuwa. Likatha cirimwe cimodzi limauma gwa, ndipo munthu akalinyamula limang'ambika lokha. Caka cinzake limasanduka timizere, kenaka fumbi loyera lomamatira m'manja. Mwini wake amati saka lija latha. Komatu silinathe ai. Dengu lakale, mpini wa khasu ndi nsanza ya thonje zimadyedwa ndi ciswe ndi tizirombo ta m'nthaka nizibwerera kudothi, koma pulasitiki imapangidwa kucokera ku mafuta okumba pansi, aja amene amapangira petulo ndi dizilo, ndipo tizirombo ta m'nthaka timalephera kuigaya. Dzuwa, mphepo ndi madzi zimangoiswa kukhala tizidutswa, tizidutswato nitiswekanso, kufikira maso a munthu alephera kutiona.

Pulasitiki yoyamba yopangidwa ndi mankhwala okhaokha anaitulukira ndi Bambo Leo Baekeland ku America m'caka ca 1907. M'caka ca 1950 maiko onse pamodzi anapanga matani 2 miliyoni a pulasitiki, koma pofika 2019 ciwerengeroco cinali citakwera kufika matani 460 miliyoni pa caka. Mwa zinyalala za pulasitiki za caka cimeneco, magawo 9 okha mwa 100 ndiwo anasungunulidwa ndi kupangidwanso zinthu zina. Zotsalazo zinakwiriridwa, zinatenthedwa, kapena zinatayidwa poyera. Mai Jenna Jambeck a pa yunivesite ya Georgia ndi anzao anawerengera kuti m'caka ca 2010 cokha matani pafupifupi 8 miliyoni analowa m'nyanja zamcere. Izi ziri ngati lole yodzaza kukhuthulira katundu wake m'madzi pa mphindi iri yonse, usana ndi usiku.

Tizidutswa tating'ono timeneti m'Cingelezi amatichula kuti microplastics, dzina limene linafalitsidwa ndi Professor Richard Thompson wa ku Plymouth, m'dziko la Britain, m'caka ca 2004, atatipeza mu mcenga wa m'mphepete mwa nyanja. Dzinali limanena kacidutswa kali konse kosafika mamilimita 5, ndiye kuti kocepera njere ya mpunga, ndipo tambiri sitioneka ndi maso konse.

Magwero ake ndi ambiri. Tina timacokera ku matumba, mabotolo, zigubu ndi mapatapata zikamanyenyeka. Tina ndi tiulusi tothothoka ku zobvala za nailoni ndi poliyesitala pocapa. Akatswiri a ku Plymouth anapeza m'caka ca 2016 kuti zobvala zolemera makilogalamu 6 zikacapidwa kamodzi pa makina zingathe kutaya tiulusi toposa 700,000. Tina timacokera ku matayala a magalimoto akamaperepeseka pa mseu, ndi ku maukonde ndi zingwe za asodzi. Tina timatayika pangozi. M'mwezi wa October 2017 mphepo yamkuntho inagwetsera katundu wa sitima m'doko la Durban ku South Africa, ndipo matani 49 a timikanda ta pulasitiki, tija timene mafakitale amasungunula popanga zinthu, anamwazika m'nyanja. M'mwezi wa May 2021 sitima yochedwa X-Press Pearl inapsa, ndipo m'mwezi wa June inamira pafupi ndi Colombo ku Sri Lanka, nitaya matani oposa 1,600 a timikanda tomweti. Sitimayo inanyamulanso mankhwala oopsa, ndipo m'masabata otsatira mitembo ya akamba a m'madzi ndi ya adolfini inapezeka pa magombe.

ZIMENE ANAPEZA M'MIMBA

Nyama za m'nyanja zikafera pa gombe, akatswiri amazing'amba kuti adziwe cimene cazipha. M'caka ca 2019 Dr. Sarah Nelms ndi anzake a pa yunivesite ya Exeter ndi a ku Plymouth Marine Laboratory analengeza zimene anapeza m'matumbo a nyama 50 za mitundu 10 zimene zinafera pa magombe a Britain. Nyama zonse 50 zinali ndi pulasitiki m'mimba. Powerengera pamodzi, iri yonse inali ndi tizidutswa 5 kapena 6, ndipo magawo 84 mwa 100 a tizidutswato anali tiulusi, tambiri ta nailoni. Popeza ciwerengeroco cinali cocepa poyerekeza ndi ukulu wa nyamazo, akatswiriwo anaganiza kuti tambiri timatuluka pamodzi ndi ndowe, tina nitilowa tsiku ndi tsiku.

Njira imene timalowera ndi cakudya. Dolfini samwa madzi amcere monga ng'ombe imamwera pa dambo, koma madzi a m'thupi mwake amawapeza mu nsomba zimene amadya. M'nyanja muli tizirombo tating'onong'ono toyandama timene timameza fumbi la pulasitiki poliyesa cakudya. Tinsomba timadya tiziromboto, nsomba zazikulu zimadya tinsombato, ndipo dolfini amameza nsomba yathunthu, mutu ndi matumbo omwe. Dr. Nelms anatsimikiza zimenezi m'caka ca 2018 popima akatumbu a m'nyanja osungidwa m'malo ocingidwa ku Cornwall, amene anali kudyetsedwa nsomba zogwidwa m'nyanja. Pulasitiki inapezeka mu nsomba imodzi mwa zitatu ziri zonse, nipezekanso pafupifupi m'theka la ndowe zimene anapima.

Kwa namgumi wamkulu uja zinthu nzoposa pamenepa. Iye alibe mano, koma m'kamwa mwake muli zosefera zonga sefa wa ufa. Amayasamula nameza madzi oculuka pamodzi ndi khamu la tinyama tofiira tochedwa krill, tosaposa kapenta kukula kwake, kenaka amafinya madziwo kuti atuluke, tinyamato nititsala. Akatswiri a pa yunivesite ya Stanford anawerengera m'caka ca 2022 kuti namgumi mmodzi wodya m'nyanja ya kufupi ndi California angathe kumeza tizidutswa ta pulasitiki tofika 10 miliyoni pa tsiku limodzi, ndipo pafupifupi tonse timakhala tiri kale m'mimba mwa tinyama tija.

KUCOKA M'MATUMBO KULOWA M'MNOFU

Pulasitiki ikanakhala yongopyola m'matumbo, nkhawa ikanacepa. Koma m'caka ca 2023 Bambo Greg Merrill ndi anzao a pa yunivesite ya Duke anapima mnofu wa nyama 32 za mitundu 12, zocokera ku Alaska, California ndi North Carolina, zimene zinafa pakati pa zaka za 2000 ndi 2021. Nyama ziwiri mwa zitatu ziri zonse zinapezeka ndi tizidutswa ta pulasiti­ki m'kati mwa mnofu weniweni: m'mapapu, m'mafuta a pansi pa khungu, m'mafuta a pamphumi ndi m'mafuta a m'nsagwada.

Mafuta amenewa ali ndi nchito yaikulu pa moyo wa nyamazi. A pansi pa khungu ndiwo cofunda cake m'madzi ozizira, ndiponso ndiyo nkhokwe yake pa nthawi ya njala. A pamphumi ndi a m'nsagwada ndiwo maso ake a mumdima. Pansi pa nyanja kuwala kumacepa, cotero dolfini amasaka monga mleme. Amatulutsa kaphokoso kamene kamapyola m'mafuta a pamphumi, kakagunda nsomba kapena mwala kamabwerera, ndipo iye amakamva kupyolera m'mafuta a m'nsagwada, nadziwa ukulu wa cinthuco ndi pamene ciri. Ziwalo zimene nyama imadalira posaka cakudya ndi pomvana ndi mwana wake ndizo zimene zapezeka ndi pulasitiki.

KUOPSA KWAKE

Za mapulasitiki akuluakulu palibe wokayika, pakuti alimi ndi opha nyama pa misika anaziona kale ndi maso. Mbuzi kapena ng'ombe imene yazolowera kutola mapepala a pulasitiki kudzala, makamaka aja onunkhira mcere ndi mafuta, imaonda pang'onopang'ono ngakhale msipu ulipo, mimba yokha iri yotupa. Poipha amapeza m'cifu muli cimpira colimba ca mapepala opotana. Nyamayo inali kumva kukhuta pamene thupi linali kufa ndi njala.

Imfa yomweyi iri m'nyanja. M'mwezi wa March 2019 namgumi wamng'ono anafera pa gombe ku Philippines, ndipo Bambo Darrell Blatchley atamng'amba anatulutsa m'mimba mwake makilogalamu 40 a pulasitiki, pakati pake pali masaka 16 a mpunga. Mwezi womwewo ku Sardinia, m'dziko la Italy, kunapezeka namgumi wamkazi wakufa ali ndi makilogalamu 22 m'mimba, ndi mwana wakufa m'cibaliro. Cakumapeto kwa caka comweco, pa cisumbu ca Harris ku Scotland, wina anapezeka ndi cimpira ca makilogalamu 100 ca maukonde, zingwe, matumba ndi makapu.

Tizidutswa tating'ono sitipha msanga cotero, ndipo kuipa kwake akatswiri akali kukufufuza. Poyesa pa nsomba ndi pa mbewa zosungidwa m'nyumba zopimira, anaona kuti timatupitsa matumbo ndi ziwalo zina, ndipo nyama zina zimacepetsa kudya ndi kukula. Mwa nyama 50 za ku Britain zija, zimene zinafa ndi matenda zinali ndi tizidutswa toculukirapo pang'ono kuposa zimene zinafa pobvulala, ngakhale akatswiriwo anacenjeza kuti zimenezi pazokha sizikwanira kunena kuti pulasitiki ndiyo inadzetsa matendawo. Adolfini a ku Barataria Bay ali ndi bvuto lina lakale, pakuti ambiri a iwo mapapu ao anaonongeka ndi mafuta amene anatayika m'nyanja pa ngozi ya Deepwater Horizon m'caka ca 2010, ndipo mapapu odwala kalewo ndiwo akulandiranso fumbi la pulasitiki.

Palinso nkhani ya mankhwala. Popanga pulasitiki amathiramo mankhwala oifewetsa ochedwa phthalates, amene amadziwika kuti amasokoneza mphamvu za m'thupi zoyendetsa kukula ndi kubereka. M'caka ca 2018 Dr. Hart anapeza zizindikiro za mankhwalawa mu mkodzo wa ambiri mwa adolfini 17 amene anawapima ku Sarasota. Kuonjezera apo, pulasitiki yoyandama imakoka poizoni wina amene ali kale m'madzi, monga DDT, mankhwala aja opopera udzudzu ndi mbozi. Poizoni wa mtundu umenewu akalowa m'thupi amakhazikika m'mafuta, ndipo mkaka wa dolfini ndi wa mafuta kwambiri. Akatswiri a ku South Africa anapeza m'caka ca 1989 kuti dolfini wamkazi wa ku gombe la Natal amapatsira mwana wake wacisamba pafupifupi magawo 8 mwa 10 a poizoni yense amene anaunjikana m'thupi mwake cibadwire. Nyama yobala mwana mmodzi pa zaka zitatu kapena zisanu singathe kubwezera msanga ana otayika monga icitira nsomba yoikira mazira zikwizikwi.

Cifukwa cina cimene akatswiri amapimira adolfini ndi cakuti nyamazi zimadya nsomba zomwe anthu amadya, zimapuma mpweya womwe anthu a m'mphepete mwa nyanja amapuma, ndipo zimakhala zaka zambiri monga munthu. Cimene caoneka mwa dolfini cimacenjeza za munthu. M'caka ca 2022 akatswiri a ku Amsterdam anapima magazi a anthu 22 napeza pulasitiki mwa anthu 17. Ngakhale madzi a kumtunda sanapulumuke. M'caka ca 2016 nsomba za Nile perch ndi tilapia zogulidwa ku Mwanza, pa nyanja ya Victoria, zitapimidwa, imodzi mwa zisanu ziri zonse inali ndi pulasitiki m'mimba. Izi sizitanthauza kuti anthu aleke kudya nsomba, pakuti nsomba ndi ndiwo yomanga thupi. Cofunika ndi kusamala madzi amene nsombazo zikhalamo, makamaka popeza zing'onozing'ono monga kapenta zimadyedwa zathunthu.

MADZI SAIWALA KHWAWA

Dziko la Zambia liribe gombe la nyanja yamcere, koma madzi ake amakafika kumeneko. Mvula yoyamba ikagwa imasesa misika, mabwalo ndi madzala, nikokolola zonse kupita kukhwawa. Mitsinje ya Lundazi, Lukusuzi ndi Lupande imathira mu Luangwa. Luangwa amakumana ndi Zambezi pa boma la Luangwa, limene kale linali kuchedwa Feira, moyang'anana ndi Zumbo. Kucokera pamenepo madzi amalowa m'damu la Cahora Bassa, napyola pa Tete, nalandira mtsinje wa Shire wocokera ku Malawi, nakathira mu Indian Ocean kufupi ndi Chinde. Zinyalala zina zimakodwa m'bango, zina zimamira m'matope ndi m'damu, koma fumbi ndi tiulusi zimayenda ndi madzi mtunda wautali. Kafukufuku wa m'caka ca 2021 anaonetsa kuti magawo 8 mwa 10 a pulasitiki yolowa m'nyanja kupyolera m'mitsinje amanyamulidwa ndi mitsinje yoposa 1,000, ndipo yambiri mwa iyo ndi ing'onoing'ono yopyola m'matauni.

Ku gombe la Mozambique kumene madziwa amathera kuli nyama zomwe zanenedwazi. Anamgumi amafika kumeneko m'nyengo yozizira, kucokera ku nyanja za kumwera, kudzabala ana. Kuli mtundu wa dolfini wa linunda pamsana umene sucoka m'madzi osaya a kufupi ndi gombe ndi pa mathiriro a mitsinje, ndipo bungwe loona za cilengedwe la IUCN linauika m'caka ca 2017 pa mndandanda wa nyama zimene zingathe kutha. Pa zisumbu za Bazaruto, kumwera kwa mathiriro a Zambezi, ndi pamene patsala gulu lalikulu la dugong m'dera lonse la kum'mawa kwa Africa. M'caka ca 2022 bungwe lomwelo linanena kuti akuluakulu otsala m'dera lonselo sakwana 250. Cimene cimapha nyamazi koposa ndi maukonde, pakuti zikakodwa zimalephera kubvuuka kukapuma nizimira. Ukonde wa nailoni wotayika m'madzi umapitiriza kugwira ndi kupha zaka zambiri mwini wake atauiwala.

Kunena zoona, katundu wamkulu wa mlanduwu ali pa maiko olemera. Dziko la America lokha linatulutsa matani 42 miliyoni a zinyalala za pulasitiki m'caka ca 2016, kuposa dziko lina liri lonse. Zimene mudzi wa m'cigawo ca Kum'mawa umataya nzocepa poyerekeza ndi zimenezo. Koma thumba lotayidwa pamudzi, lisanafike kwa dolfini, limayamba lapyola pa mbuzi ya mwini wake, pa dimba lake, pa citsime cake ndi pa dziwe limene ana ake amawedzapo.

ZIMENE MABOMA ACITA

Maiko a mu Africa ndiwo ena mwa amene anatsogola poletsa matumba a pulasitiki. Rwanda analetsa m'caka ca 2008, Kenya mu 2017, ndipo Tanzania mu 2019. Ku Malawi lamulo loletsa mapepala opyapyala linakhazikitsidwa mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linaligwirizira mu 2019 eni mafakitale atalitsutsa. M'dziko lino Boma linatulutsa lamulo lochedwa Statutory Instrument No. 65 m'caka ca 2018, loletsa matumba opyapyala osafika mamaikuloni 30, aja ong'ambika tsiku lomwelo, ndipo bungwe la ZEMA ndilo linapatsidwa udindo woona kuti lamuloli likutsatidwa.

Popeza madzi ndi mphepo sizidziwa malire, maiko 175 anagwirizana pa msonkhano wa United Nations ku Nairobi m'mwezi wa March 2022 kuti alembe pangano limodzi lomanga maiko onse. Zokambirana zinacitika kangapo, koma msonkhano wa ku Busan, m'dziko la South Korea, unatha m'mwezi wa December 2024 popanda cimvano, ndipo wa ku Geneva m'mwezi wa August 2025 unathanso cimodzimodzi. Maiko ambiri anafuna kuti pulasitiki yopangidwa caka ndi caka icepetsedwe, pamene maiko okumba mafuta anati panganolo linene za kusamala zinyalala cabe.

ZA PAKHOMO

Pamene akuluakulu akali kukangana, banja liri lonse liri ndi mbali yake. Mai wopita kumsika ndi dengu kapena ndi citenge comangira katundu safuna thumba latsopano pa tomato ali yense. Cakudya cotentha ciyenera kuikidwa m'mbale, pakuti kutentha kumatulutsa mankhwala a m'pepala la pulasitiki. Kukolezera mbaula ndi pulasitiki nkoipa, popeza utsi wake uli ndi poizoni ndipo woyamba kuupuma ndi wophika ndi mwana amene ali kumsana. Masaka a fetereza akasungidwa pamthunzi amagwira nchito zaka zingapo, ndipo akatha asasiyidwe m'munda kuti alimidwe pamodzi ndi mapesi. Maneti oteteza ku udzudzu ndi a pogona. Akalowa mu mtsinje amasesa ndi tiana ta nsomba tomwe, nathothokera momwemo. Msodzi atulutse ukonde wake wong'ambika, asausiye m'madzi.

Dzenje la zinyalala likumbidwe kutali ndi citsime ndi khwawa, ndipo licingidwe kuti ziweto zisafikepo. Mabotolo ndi zigubu zosweka zisonkhanitsidwe pamodzi, pakuti m'matauni akuluakulu muli anthu amene amazigula kukazisungunula. Mafumu, anyakwawa, aphunzitsi ndi makomiti a misika angathandize kwambiri poitana anthu kusesa misika ndi ngalande m'mwezi wa October, mvula yoyamba isanacite nchitoyo m'malo mwao.

Adolfini 11 aja anabwezedwa m'madzi ao ali amoyo, kukapuma mpweya womwe uja. Iwo sagula kanthu pa msika ndipo sataya thumba, koma zotaya za anthu zawapeza m'mapapu. Akulu akale anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.